Sipuling'i yakumbuyo ndi munthu wogona kunsi kwa galimoto

Pamisewu ya m'chigawo chino sipasowa galimoto yoyenda mphuno ili m'mwamba, kumbuyo kutangotsala pang'ono kukwecha pansi. Ikhoza kukhala minibasi yochokera ku Mchinji kulowera ku Lilongwe, pikiapu yamatola yotuluka mu Chipata itasenza matumba a mtedza, kapena kagalimoto kakang'ono komwe ku Japan adakapangira anthu asanu koma lero katenga 9, thumba la makala lili pamwamba. Maso a anthu adazolowera, moti palibenso amene amacheuka. Chomwe chatopa pa galimoto yotere nthawi zambiri ndi sipuling'i yakumbuyo, ndipo tsiku limafika lomwe chitsulocho chimathyoka kapena kufookeratu mwakuti mwini wake sangachitirenso mwina. Apo ndiye pamafunika munthu, kawirikawiri mnyamata wongophunzira kumene ntchito, woti agone chagada kunsi kwa galimotoyo ndi kuchotsa sipuling'iyo.

Nkhani zachitukuko zimaikonda galimoto ikadali yatsopano. Pamwambo wopereka ambulansi pamakhala mlendo wolemekezeka, makiyi omangidwa kansalu, magule ndi atolankhani. Zaka zitatu zikadutsa, galimoto ija itadya mabampu a misewu yafumbi ndi kuwoloka mitsinje yopanda milatho, moyo wa mayi woyembekezera wogona kumbuyo kwake umakhala utadalira dzanja la munthu yemwe dzina lake silipezeka mu lipoti lililonse. Ntchito ya munthuyu ndi yoyenera kuimvetsa ngakhale kwa iwo omwe sadagwirepo sipanala, chifukwa ndiwo amamulipira, ndiwo amamufulumizitsa, ndipo nthawi zina ndiwo amamulamula kuchita zomwe iye mwini akudziwa kuti n'zolakwika.

Sipuling'i ndi chitsulo chosunga mphamvu. Ikapanikizidwa siikana ayi, imagonja, koma mphamvu yonse yomwe yaipanikiza imaisunga mpaka itapeza mpata wobwezera. Katswiri wa sayansi wa ku England, Robert Hooke, adafalitsa lamulo lake m'chaka cha 1678, ndipo ana a m'sukulu za sekondale amaliphunzirabe: sipuling'i imafupika molingana ndi kulemera komwe yasenza. Ngati sipuling'i ina imafupika sentimita imodzi ikasenza makilogalamu 25, ndiye kuti ikafupika masentimita 10 ikukankha ndi mphamvu ya makilogalamu 250, omwe ndi matumba asanu a chimanga. Mphamvu imeneyi siioneka ndi maso. Sipuling'i yopanikizidwa ndi yomasuka zimafanana maonekedwe, monga momwe mtengo wa msampha wotchera umafanira ndi kamtengo kalikonse kowerama m'thengo. Kusiyana kwake kumadziwika bawuti yomaliza ikachoka.

Anthu ambiri amasokoneza sipuling'i ndi shoko. Galimoto ikatsika kumbuyo amathamangira kukagula mashoko atsopano, n'kudabwa kuti palibe chasintha. Shoko siisenza katundu. Ntchito yake ndi kuletsa galimoto kudumphadumpha ikadutsa padzenje. Chomwe chimasunga msinkhu wa galimoto ndi sipuling'i.

Magalimoto ambiri omwe ali pamisewu ya Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique adayamba atumikira anthu ena kunja, makamaka ku Japan. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano iyesedwe ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndalama zomwe kuyesako kumadya zimapangitsa ambiri kugulitsa galimoto ikadali yabwino. Ikatsika sitima ku Dar es Salaam kapena ku Durban imalowa kudzera pa Songwe, pa Nakonde kapena pa Beitbridge ili yonyezimira kunja. Kunsi kwake nkhani imatha kukhala ina. Yochokera kumadera ozizira monga Hokkaido, komwe amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, imabwera ndi dzimbiri lomwe lidadya kale utoto wa sipuling'i ndi kumata mabawuti. Mng'alu umayambira pa kadzenje ka dzimbiri kochepa ngati njere ya mawere, n'kumakula pang'onopang'ono pa bampu iliyonse mpaka chitsulo chitaduka, kawirikawiri chakumunsi komwe kumasonkhana matope ndi madzi.

Makaniko wodziwa ntchito sathamangira sipanala. Amayamba wagwada n'kusuzumira kuti aone mtundu wa sipuling'i yomwe akulimbana nayo, pakuti njira yochotsera mtundu umodzi ikhoza kupha munthu pa mtundu wina. Pa Toyota Vitz, Honda Fit ndi Toyota Probox sipuling'i yakumbuyo ndi yopotana ngati koilo ndipo imakhala payokha, shoko ili pambali. Pa Corolla za m'zaka za m'ma 1990, zomwe zikuyendabe m'matauni ambiri, shoko ili mkati mwa sipuling'i ndipo ziwirizo zimatuluka pamodzi ngati chinthu chimodzi chomwe amakaniko amachitcha strut. Kapangidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la injiniya wa ku America, Earle MacPherson, yemwe adakakonza m'zaka za m'ma 1940. Hilux, Hiace ndi Land Cruiser 78 ndi 79, zomwe ndizo zimasenza ntchito yambiri ya maboma ndi mabungwe, zili ndi mtolo wa zitsulo zazitali zosanjikizana, nzeru yakalekale yomwe mtundu wake wina Obadiah Elliott adaulembetsa ku London m'chaka cha 1804, nthawi ya ngolo zokokedwa ndi akavalo.

Mitundu yonseyi ili ndi chiyambi chimodzi, ndipo ngozi yaikulu ili pachiyambi pomwepo, sipuling'i isanakhudzidwe n'komwe. Galimoto iyenera kuima pamalo athyathyathya ndi olimba. Handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, choncho matayalawo akangochoka pansi, handibuleki ilibenso ntchito. Pa pikiapu ndi minibasi, zomwe injini yake imakankha ndi matayala akumbuyo, ngakhale giya siithandiza: galimoto yonse imatsala pa matayala awiri akutsogolo omwe palibe chowagwira. N'chifukwa chake matayala akutsogolo amatsekerezedwa ndi zipika uku ndi uku, ndipo manati a matayala akumbuyo amamasulidwa pang'ono galimoto isananyamuke, kuti pasakhale kuigwedeza ili m'mwamba.

Jeke ndi chida chonyamulira, osati chogwirizira. Ya mafuta imadalira kamphira kakang'ono mkati mwake, komwe kakang'ambika galimoto imatsika osachenjeza. Yopukusa yomwe imabwera ndi galimoto idapangidwira kusintha tayala m'mbali mwa msewu basi, munthu ali panja. Galimoto yaing'ono imalemera pafupifupi tani imodzi, matumba 20 a chimanga, ndipo Land Cruiser imaposa matani awiri. Aliyense yemwe adakulira kumudzi amalidziwa diwa: mwala waukulu wotsamira pa kamtengo kamodzi, nyambo ili pansi. Galimoto yoimikidwa pa jeke yokha, kapena pa mulu wa njerwa, ndi diwa, ndipo wolowa kunsiyo ndiye mbewa. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimanyenga chifukwa zimaoneka zolimba, koma sizipindika kapena kulira zisanagonje. Zimangophwanyika kamodzi n'kamodzi, makamaka pomwe makaniko akukoka bawuti youma ndi mphamvu zake zonse. Chofunika ndi masitandi awiri achitsulo, thabwa lochindikala lili pansi pa iliyonse ngati pamalopo ndi padothi. Posowa masitandi, zipika za mtengo wolimba zosemedwa mbali zinayi ndi kugonekedwa mopingasana zimaposa njerwa kutalitali. Tayala lomwe lachotsedwa limagonekedwa kunsi kwa galimoto, kuti zinthu zikavuta thupi la galimoto ligwere patayala, osati pachifuwa cha munthu. Kenako makaniko amaikankha galimotoyo ndi manja kuti aone ngati ikugwedera. Ndi bwino igwe iye ali chiimire.

Ophunzira ambiri amaika masitandi pansi pa ekiselo. Posintha mabuleki zimenezo zilibe vuto, koma pochotsa sipuling'i ndiye kuti kulemera konse kwa galimoto kukadali pa sipuling'iyo. Masitandi amakhala pansi pa chimango cha galimoto, kapena pamalo olimbitsidwa omwe opanga adaika m'mbali mwa thupi lake, kuti ekiselo ilendewere. Jeke ndiyo imabwerera pansi pa ekiselo, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yake ndi kutulutsa mphamvu ya sipuling'i pang'onopang'ono.

Pa galimoto ya sipuling'i yokhala payokha, chomwe chimaletsa ekiselo kutsika mopitirira ndi shoko. Makaniko amanyamula ekiselo pang'ono ndi jeke mpaka bawuti yakumunsi ya shoko italeka kulimba, pakuti bawuti yomwe ikukana kutuluka ndi bawuti yomwe ikadali itasenza katundu, ndipo kuikhoma ndi hamala ndi kuitana tsoka. Pa magalimoto onga Vitz, omwe matayala onse awiri akumbuyo alumikizidwa ndi mtanda umodzi wachitsulo, mashoko onse awiri amamasulidwa, apo ayi mbali inayo imakaniza mtandawo kutsika. Ndiye jeke imatsitsidwa. Apa maso sakhala pa sipuling'i pokha. Paipi yamphira ya mafuta a buleki, waya wa ABS ndi chingwe cha handibuleki zonse zimatsika limodzi ndi ekiselo, ndipo zili ndi malire. Paipi ya buleki yomwe yakokedwa mopitirira siidontha tsiku lomwelo. Ikhoza kudzaphulika patapita miyezi, dalaivala ataponda buleki mwamphamvu, ndipo palibe adzakumbukire kuti idavulalira ku galaja. Ngati zikuoneka kuti zikukungika, timabawuti tomwe tazigwira timamasulidwa ntchito isanapitirire.

Ekiselo ikatsika mokwanira sipuling'i imayamba kugwedera pampando wake, ndipo imatuluka ndi dzanja popanda phokoso lililonse. Ikakhala yolimbabe, yankho si kuipana ndi chitsulo chochotsera matayala n'kuidumphitsa, monga amachitira ena pofuna kuonetsa mphamvu, koma kuifinya ndi chida chake. Amisiri osamala amapisa unyolo pakati pa sipuling'i n'kuumangirira ku ekiselo, kuti ikafuna kuthawa isapite patali. Asanaichotse amaikanso chizindikiro cha choko chosonyeza kumwamba ndi kumunsi, ndi kuona pomwe nsonga ya koilo yatsamira pamphira wake, chifukwa yatsopano ikakhala molakwika galimoto imapendekera ndi kumalira pa bampu iliyonse.

Bawuti ya dzimbiri imafuna mafuta ofewetsa ndi nthawi, ndipo nthawi ndiyo mwini galimoto safuna kupereka. Apa ena amaitana wowotcherera kuti abwere ndi moto wa gasi. M'magalimoto ambiri thanki ya mafuta ndi mapaipi ake zili kumbuyo komweko, ndipo mashoko ambiri amakono ali ndi mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa mkati. Moto pamalo otere ndi wa munthu yemwe wayamba waganiza kawiri, watchinga zoyenera kutchinga, ndipo ali ndi chozimira pafupi.

Strut ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imaoneka yofatsa. Imatuluka m'galimoto yathunthu: mabawuti awiri kumunsi, kogwirira paipi ya buleki, ndi timanati titatu kumwamba, kuseri kwa mpando wakumbuyo. Ikagonekedwa pansi munthu akhoza kuganiza kuti choopsa chatha. Koma sipuling'i ikadali yopanikizidwa pakati pa mbale ziwiri, ndipo chomwe chagwira zonsezo ndi nati imodzi yapakati, pansonga pa ndodo ya shoko. Wophunzira yemwe sadauzidwe amamasula natiyo chifukwa ndiyo yaikulu ndi yoonekera. Mazinga omaliza akatha, mbale yakumwamba imauluka ngati mwala wa legeni, ndipo nkhope ya womasulayo nthawi zambiri imakhala itawerama pomwepo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, komatu apa wolakwa weniweni ndi mmisiri wamkulu yemwe adatuma mwana osamufotokozera.

Chida chofinyira, chomwe m'masitolo chimadziwika kuti spring compressor, ndi ndodo ziwiri za mazinga zokhala ndi zikhadabo zokola koilo. Zimaikidwa moyang'anizana, ina uku ina uko, ndipo zimamangidwa mosinthana, pang'ono iyi pang'ono inayo, ndi sipanala yamanja osati makina a mpweya kapena a magetsi, mazinga ali odzozedwa mafuta. Imodzi ikathamanga kuposa inzake sipuling'i imapindika ngati uta, zikhadabo n'kuterereka kukakumana mbali imodzi. Nati yapakati imamasulidwa pokhapokha sipuling'i italekana ndi mbale yake moti ikhoza kuzunguzidwa ndi dzanja. Sipuling'i yomwe ili m'chofinyira siilozetsedwa kwa munthu, siiponyedwa pansi, ndipo siisiyidwa pomwe ana akusewera. M'magalaja ambiri osowa chidachi anthu amamanga koilo ndi waya, zingwe kapena malamba galimoto ikadali pansi, kenako n'kuinyamula. Zimatheka ndithu, ndipo kutheka kwakeko ndiko kuipa kwake, chifukwa njira yomwe munthu wapulumuka nayo kakhumi imamuphunzitsa kuti ilibe ngozi.

Mtolo wa zitsulo wa pikiapu ndi minibasi uli ndi ukali wamtundu wina, womwe ndi kulemera. Masitandi amakhala pachimango, patsogolo pa pomwe mtolowo wamangidwa, jeke ili pansi pa ekiselo. Shoko ikamasulidwa amatsatira manati a mabawuti opindika ngati chilembo cha U omwe amakumbatira ekiselo, kenako ekiselo imasiyanitsidwa ndi mtolowo, ndipo pomaliza pamachoka zogwirira zakumbuyo ndi bawuti yakutsogolo. Imeneyi ndi ntchito ya anthu awiri. Mtolo wa Land Cruiser ukagwera phazi, fupa silipirira. Wofuna kumasula mtolowo kuti asinthe chitsulo chothyoka amayamba waupana ndi zopanira mbali zonse ziwiri za bawuti yapakati, popeza zitsulozo zidapindidwa mosiyana ndipo zikukankhana. Kabawuti kapakatiko n'kakang'ono, koma mutu wake ndiwo umasunga ekiselo pamalo pake. Kakaduka, ekiselo imasuntha mbali imodzi, ndipo ndiwo maminibasi aja oyenda chammbali ngati nkhanu, woyendetsa atapinda chiwongolero pamsewu woongoka. Mabawuti a U amatanuka akamangidwa koyamba, choncho oyenera kubwezerapo ndi atsopano, ndipo amafunika kuwalimbitsanso galimoto ikayenda masiku angapo.

Kubwezera kumatsata njira yomweyo chobwerera. Masipuling'i amasinthidwa awiriawiri, chifukwa yatsopano kumanzere ndi yotopa kumanja zimapendeketsa galimoto. Mabawuti odutsa m'mabushi amphira amalimbitsidwa komaliza galimoto itatsika n'kuima pamatayala ake. Akalimbitsidwa ekiselo ili lendelende, mphirawo umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo suchedwa kung'ambika. Mwini galimoto amadzadandaula kuti adamugulitsa mabushi achinyengo, pomwe chidalakwika ndi mphindi zochepa zomwe iye sadafune kudikira.

Zonsezi makaniko wabwino amazidziwa. Chovuta ndi chomwe chimabwera ndi mwini galimoto. “Amisiri, ingoonjezeranimo chitsulo chimodzi kapena ziwiri, iziima bwino ikanyamula,” amatero mwini minibasi. Wa kagalimoto kakang'ono amapempha kuti pakati pa koilo apanikizepo zidutswa za tayala, kapena kuti amuikire sipuling'i ya galimoto ina yaikulu. Wina amabwera ndi chitsulo chothyoka kuti achiwotcherere. Mmisiri akati, “Bwana, izi sizikhalitsa,” amayankhidwa kuti tsidya la msewu kuli galaja ina. Munthu yemwe mawa ayenera kulipira lendi ndi kugula ufa sakhala ndi mphamvu zambiri zokanira.

Chitsulo cha sipuling'i chimalimbitsidwa kufakitale pochitenthetsa, kuchiziziritsa mwadzidzidzi ndi kuchitenthetsanso pamlingo woyezedwa bwino. Moto wa wowotcherera umafafaniza zonsezo pomwe wadutsa, ndipo chitsulocho chimadzathyokera pambali pa chilonda chomwe chawotchereredwacho. Kuonjezera zitsulo nako kumabisa vuto m'malo molichotsa. Galimoto imaima mowongoka, wapolisi wapamsewu saona cholakwika, koma matayala, mabering'i, mabuleki ndi chimango zikadali zomwe zija, zopangidwira kulemera komwe opanga adalemba pa kambale kachitsulo ka galimotoyo. Sipuling'i yotsika ija inkanena zoona zokhudza katundu. Yolimbitsidwayi ikunamiza aliyense, kuyambira mwini wake.

Pali chinthu chinanso chomwe eni magalimoto ambiri sadachimvepo. Pa Hilux ndi Hiace zakale zopanda ABS pali valavu yomwe imagawa mphamvu ya buleki ku matayala akumbuyo molingana ndi katundu. Valavuyo ilibe sikelo. Imangoyeza kutalikirana kwa thupi la galimoto ndi ekiselo kudzera pa kandodo. Thupi likatsika imadziwa kuti galimoto yalemedwa, ndipo imalola mphamvu yambiri kupita kumbuyo. Mtolo ukaonjezedwa zitsulo popanda kukonzanso valavuyo, thupi silitsika mokwanira ngakhale m'galimotomo mutadzaza anthu ndi matumba, valavu n'kumayesa kuti katundu ndi wochepa. Ntchito yambiri yoimitsa imagwera mabuleki akutsogolo, omwe amatentha ndi kufooka. Pamsewu wathyathyathya izi sizingadziwike msanga. Zimadziwika potsika phiri, monga pa Chiweta kapena polowera ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre. Sipuling'i yotopa nayo imanamiza valavu yomweyo mwanjira ina: galimoto ili yopanda katundu, matayala akumbuyo amagwira mopitirira n'kuterereka pamsewu wonyowa. Ndiponso kumbuyo kukatsika kutsogolo kumapepuka, chiwongolero sichimvera bwino, ndipo nyali zimaloza m'maso mwa oyendetsa obwera kutsogolo.

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lomwe lidatuluka m'chaka cha 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa ndicho chidali pamwamba, ndi imfa 19 pa anthu 100,000 alionse, ngakhale chili ndi magalimoto ochepa poyerekeza ndi zigawo zina. Zifukwa zake ndi zambiri, kuphatikizapo liwiro ndi mowa, ndipo sipuling'i ndi kachigawo chabe ka nkhaniyo. Koma makaniko yemwe waphwanyidwa ndi galimoto patsinde pa mtengo wa mango salowa m'chiwerengero chimenechi, popeza galimotoyo siidali kuyenda pamsewu. Kwawo amangoti kudachitika ngozi kuntchito, maliro n'kuikidwa.

Luso silisowa m'chigawo chino. Ku Ndirande mu Blantyre, ku Biwi mu Lilongwe kapena mu msewu wa Kaguvi ku Harare kuli anthu otha kudziwa vuto la galimoto pongoimva kulira, omwe akusunga pamsewu magalimoto omwe kwawo akanatayidwa kalekale. Ambiri mwa iwo sadapite ku koleji. Adayamba ndi kutsuka zitsulo ndi kupatsira masipanala, n'kumaphunzira poonerera. Kuphunzira kotere kumapatsira zabwino ndi zoipa zomwe: mwana amatengera khutu la mphunzitsi wake, amatengeranso mulu wake wa njerwa. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ku Malawi m'chaka cha 1999, ndi linzake la dzina lomwelo ku Zambia lomwe lamulo lake ndi la 1998, ali ndi ndondomeko zozindikira luso lomwe munthu adaliphunzira pantchito. Imeneyo ndi njira yabwino yofikira amisiri otere, ndipo mayeso ake akanayenera kuyambira pa funso losavuta: “Amisiri, galimotoyi mwaiimika pa chiyani?”

Mabungwe ndi nthambi zaboma zomwe zili ndi magalimoto ambiri zili ndi mphamvu pankhaniyi kuposa momwe zimaganizira. Posankha galaja zimayang'ana makoteshoni atatu n'kutenga wotsika mtengo, ndipo sikawirikawiri wa ku ofesi yogula zinthu amanyamuka kukaona ngati pagalajapo pali masitandi. Polemba ndondomeko ya chuma ya pulojekiti, ndalama zogulira galimoto zimapezeka msanga, pomwe zoisamalira zimakhala zoyamba kudulidwa. Dalaivala yemwe wanena kuti kumbuyo kwatsika amauzidwa kuti adikire ndalama zina zibwere, ulendo wakumudzi uli pomwepo. Chonsecho masitandi awiri ndi chofinyira chimodzi mtengo wake sufika pa tayala limodzi latsopano la Land Cruiser, ndipo masitandi owotcherera aluso akhoza kuwapanga ndi mapaipi ochindikala, bola wina wodziwa awayese asanagwiritsidwe ntchito. Bungwe lomwe limagawa mabokosi a zida kwa achinyamata omaliza maphunziro a umakaniko, koma m'bokosimo mulibe zida ziwirizi, lawapatsa chomasulira msampha osawapatsa chodzitetezera.

Yatsala nkhani ya sipuling'i yakale. Yotopa siioneka kutopa ikakhala pansi. Ikatsukidwa ndi kupakidwa utoto wakuda imabwerera pamsika ngati yabwino, ndipo wogula zakaunjika alibe njira ina yodziwira koma kuiimika pambali pa inzake n'kuyerekeza msinkhu, kuwerenga mapindo ake ndi kukanda utoto chakumunsi kufunafuna timaenje ta dzimbiri. Eni magalimoto ena amafuna kuti zitsulo zakale awabwezere, ndipo amachita bwino. Malo oyenera zitsulo zimenezi ndi kwa osula. Amisiri a mvukuto amazifuna zitsulo za mtolo wa pikiapu chifukwa chida chosulidwa nazo sichibuntha msanga: amapangira nkhwangwa, zikwanje, kasemasema ndi mipeni, pomwe koilo akaiwongola pamoto amapangira matchizulo ndi zoboolera. Chitsulo chimodzi chachitali cha Hilux chimatulutsa nkhwangwa zingapo.